Funsani za Thanzi: Ndani amatsegulira kachirombo ka kolona khomo m'thupi mwathu?

Makalata angapo a mwezi uno akumana pamalo amodzi ngakhale eni ake sadziwana. Wina akufunsa za mankhwala a BP, wina za chloroquine, wina za uthenga umene analandira pa WhatsApp. Mayankho ake onse agona pa ma enzaimu a m'thupi mwathu momwemu, mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'thupi, amene kachirombo ka kolona kamadalira kuti kalowe m'maselo. Ndayamba ndi kalata ya aphunzitsi chifukwa imeneyi ikamveka, enawo savutanso.

"Ndimaphunzitsa Biology pasukulu ina ya sekondale yoyendera. Mtsikana wina wa Fomu 4 anandifunsa kuti, poti vairasi alibe mano kapena miyendo, amaboola bwanji selo? Ndinamuuza kuti amamatirira kenako n'kulowa. Ndinaona pankhope pake kuti sanakhutire, ndipo inenso sindinakhutire. Ndithandizeni." Mphunzitsi, Ntcheu

Aphunzitsi, mwana ameneyo musamutaye. Kachiromboka sikaboola selo pakokha. Kamafika ndi chida chosamalizika, ndipo omaliza kuchikonza ndi ma enzaimu a maselo athu omwe.

Ana anu amadziwa kale amylase wa m'malovu ndi pepsin wa m'mimba. Amene akutikhudza pano ndi a gulu la pepsin, odula mapuloteni, otchedwa ma protease. Mukafuna kuti aone ndi maso, kulungani kanyama kolimba m'masamba a papaya ophwanyaphwanya, kapena mukapake utomoni wa papaya wosapsa. Pakapita maola angapo kamakhala kofewa chifukwa mu utomoniwo muli protease wotchedwa papain. Ine kuntchito kwanga mu labotale ndimagwira ndi wina wotchedwa trypsin, amene m'thupi amachokera ku kapamba. Maselo amene timaweta m'timabotolo tafulati amakula atayala pansi, atagwirana. Tikafuna kuwasamutsa timathira trypsin pang'ono n'kubwezera botolo m'makina ofunditsa pa madigiri 37 kwa mphindi zochepa. Ukaliika pa maikulosikopu umaona maselo amene anali otambalala akukwinyika, akukhala obulungira ndi onyezimira, ndipo ukagogoda botolo m'mbali onse amachoka n'kuyamba kuyandama. Ukachedwa kumuthira madzi omuletsa, maselo amawonongeka. N'chifukwa chake thupi limasunga ma protease mosamala kwambiri. Aliyense ali ndi malo ake, ndipo amadula pokhapo pamene wapeza ndondomeko imene amaizindikira ya ma amino asidi, tizidutswa timene timalumikizana kupanga puloteni.

Tsopano kachirombo. SARS-CoV-2, kamene kamayambitsa Covid-19, ndi uthenga wa RNA wokutidwa ndi kakhungu ka mafuta. Selo lathu nalonso lili ndi khungu la mafuta. Kuti RNA ilowe, makungu awiriwa ayenera kusungunukirana n'kukhala limodzi, ndipo paokha sangatero ngakhale atagundana tsiku lonse. Ntchitoyi ndi ya timinga tija mumationa pazithunzi, puloteni ya spike. Ili ndi zigawo ziwiri: S1 yogwira selo, ndi S2 yolumikiza makungu. Spike ili ngati msampha wa mbewa uja wa kamtengo kopinda, womangidwa ndi kachingwe kamene mbewa imatafuna pofuna nyambo. Mphamvu yonse ili kale m'kamtengo, koma msampha sufwamphuka chingwe chisanaduke, ndipo wodula chingwe si mwini msampha.

Pamafunika kudula pawiri. Kudula koyamba kumachitika kachirombo kasanatuluke n'komwe mu selo limene kabadwira. Mu selomo muli enzaimu wotchedwa furin, amene ntchito yake ya masiku onse ndi kumaliza mapuloteni athu asanatumizidwe kunja. Spike yatsopano ikamadutsa m'njira yomweyo, furin amaidula pamalire a S1 ndi S2. Zigawo ziwirizi zimatsala zitangogwirana, ndipo kachirombo kamatuluka m'mphuno mwa wodwala kali kokonzeka mbali imodzi.

Kakafika kwa munthu wina, S1 imagwira puloteni ya pakhungu la selo yotchedwa ACE2. Kugwirako kumasuntha spike n'kuonetsa malo achiwiri odulira amene anali obisika. Pamaselo a m'mphuno, m'njira za mpweya, m'mapapo ndi m'matumbo pali protease wina wokhala pakhungu pomwepo, TMPRSS2. Iyeyu akadula, S1 imachoka, S2 imatambasuka n'kubaya khungu la selo, kenako imadzipinda n'kukokera makungu awiri aja pamodzi mpaka patseguke kabowo. RNA imalowera pamenepo.

Nanga selo likakhala lopanda TMPRSS2? Pali njira ina. Selo limameza kachirombo kathunthu m'kathumba, monga limachitira ndi zinthu zambiri zimene zamatirira pakhungu lake. Kathumbako kakamalowa mkati kamadzaza asidi, ndipo asidiyo amadzutsa protease wachitatu, cathepsin L, amene amadula spike kuchokera m'kathumbamo. Njirayi ndi yochedwa, komanso m'tithumbati selo limaikamo mapuloteni ake otchinga mavairasi, koma imagwira ntchito. Njira ziwirizi musaziiwale, zibweranso m'mayankho ali m'munsimu.

Sizinadziwike zonse tsiku limodzi. Kuti ACE2 ndiye pogwirira mavairasi a mtunduwu anazipeza mu 2003 akatswiri a ku Harvard, a gulu la Michael Farzan ndi Hyeryun Choe, pofufuza matenda a SARS oyamba aja amene anagwira anthu oposa 8,000 n'kupha 774. Covid-19 itabwera, gulu la Markus Hoffmann ndi Stefan Pöhlmann ku Göttingen ku Germany linali litagwira kale ntchito pa TMPRSS2 kwa zaka zambiri, ndipo pofika Malichi 2020 linali litaonetsa kuti kachirombo katsopanoka kamagwiritsa ntchito ACE2 ndi TMPRSS2 omwewo. Chimene chimandichititsa chidwi ine n'chakuti pogwirira pa mavairasi ena a kolona nponso ndi ma enzaimu. MERS, imene inaonekera ku Saudi Arabia mu 2012 ndipo imachokera ku ngamila, imagwira DPP4. Kachirombo ka chimfine wamba ka 229E kamagwira aminopeptidase N. Koma awa sadula spike ayi, kachirombo kamangowagwiritsa ntchito ngati pogwira basi. Odula ndi atatu aja.

"Ndili ndi zaka 61 ndipo ndimamwa enalapril chifukwa cha BP. Mpongozi wanga wandiuza kuti mankhwalawa amachulukitsa ACE2, ndiye kolona ikabwera imandipeza nditatsegula makomo onse. Panopa ndikuyetsemula ndipo ndasiya kumwa kwa sabata. Ndalakwa?" Mayi wa ku Ndirande, Blantyre

Amayi, bwererani pamankhwala anu, ndipo mupite kuchipatala akakuyezeni BP sabata yomwe ino. Ndikunena izi poyamba chifukwa BP yosiyidwa imabweretsa sitiroko mosachenjeza.

Mpongozi wanu sanazipeke. Mantha amenewa analipo ngakhale pakati pa madokotala kumayambiriro kwa 2020. M'thupi muli ma enzaimu awiri a mayina ofanana. ACE amapanga angiotensin II, chinthu chimene chimafinya mitsempha ya magazi n'kukweza BP. Enalapril, captopril ndi lisinopril amaletsa ACE ameneyu. ACE2, amene anadziwika mu 2000, amachita zosiyana: amadula angiotensin II n'kumusandutsa chinthu chomasula mitsempha ndi kuchepetsa kutupa. Mankhwala anu sakhudza ACE2 mwachindunji. Kungoti pa makoswe ena a mu labotale anaona kuti mankhwala a BP a mtunduwu amakweza ACE2 m'ziwalo zina, ndiye anthu anaganiza kuti mwina pa anthunso zingatero, kachirombo n'kupeza pogwira pambiri.

Anaziyesa pa anthu. Ku Brazil, kafukufuku wotchedwa BRACE CORONA anatenga odwala Covid-19 okwana 659 amene ankamwa kale mankhwalawa. Ena anawasiyitsa kwa masiku 30, ena anapitiriza. Pamapeto pake osiyitsidwawo sanapindule chilichonse, sanachire msanga kuposa anzawo. Mabungwe a madokotala a mtima ku Ulaya ndi ku America anali atalangiza kale mu Malichi 2020 kuti odwala asasiye, ndipo kafukufukuyu anatsimikiza malangizowo.

Ndiwonjezere kuti ACE2 si mdani wanu. Kachirombo kakamugwira, kuchuluka kwake pakhungu la selo kumatsika, ndipo pa mbewa zoyeserera anaona kuti mapapo osowa ACE2 amavulala kwambiri akadwala. Nthawi imene enalapril amaimitsidwa ndi pamene munthu wadwalika zedi, BP yatsika kwambiri, wataya madzi ambiri m'thupi kapena impso zayamba kuvuta. Woimitsa ndi dokotala atamuyeza munthuyo.

"Mu 2020 kuno anthu ankathamangira chloroquine, ndipo ine ndinatumiza ndalama kumudzi kuti makolo agule asunge. Ankati akatswiri aona kuti amapha kolona. Kenako kunangoti zii. Kodi anatinamiza, kapena makampani a katemera ndiwo anaitsekereza?" Bambo wa ku Johannesburg, kwawo ku Mangochi

Achimwene, zimene anaona mu labotale zinali zoona, ndipo zimene anaona m'zipatala zinalinso zoona. Nkhani yake ili pa njira ziwiri zija.

Mu Febuluwale 2020 akatswiri a ku Wuhan analengeza kuti chloroquine akuletsa kachiromboka m'maselo owetedwa. Maselo ake anali otchedwa Vero. Amenewa anachokera ku impso ya pusi wa ku Africa, anayamba kuwetedwa ku Japan mu 1962, ndipo ma labotale padziko lonse amawakonda chifukwa savuta kusamala ndipo mavairasi ambiri amaswana bwino mwa iwo. Koma maselo a Vero alibe TMPRSS2 wokwanira. Kachirombo kakafuna kulowamo kamadzera njira ya kathumba ka asidi yokha. Chloroquine ndi mankhwala amene amaunjikana m'tithumba totere n'kuchepetsa asidi. Asidi akachepa cathepsin L sadzuka, spike siidulidwa, kachirombo kamatsekeredwa m'kathumba. Pa maselo a Vero zotsatira zake zinali zokongola.

Mapapo a munthu si impso ya pusi. Mu Julaye 2020 gulu lija la ku Göttingen linabwereza kuyesako pa maselo a m'mapapo a munthu otchedwa Calu-3, amene ali ndi TMPRSS2. Chloroquine sanaletse kanthu. Anaikanso TMPRSS2 m'maselo a Vero omwewo, ndipo mphamvu ya mankhwalawo inatha. Kachirombo kanalowera pakhungu pomwe, osafikako n'komwe kukathumba kumene chloroquine ankadikira.

Pa nthawiyi kafukufuku wamkulu wa ku Britain, RECOVERY, anali atapereka kale yankho la m'zipatala. Odwala 1,561 analandira hydroxychloroquine, mbale wake wa chloroquine, ndipo 3,155 analandira chisamaliro cha nthawi zonse. Pa olandira mankhwalawo anamwalira 27 pa 100 alionse, pa enawo 25. Za makampani zija, dziwani kuti kafukufuku yemweyu mu Juni 2020 ndi amene anapeza kuti dexamethasone, mankhwala akale otchipa kwambiri, amachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pa odwala opumira makina. Anthu obisa mankhwala otchipa sakanalengeza zimenezo.

Chimene chimandiwawa pankhaniyi ndi odwala lupus ndi nyamakazi ya m'mfundo, amene hydroxychloroquine ndi mankhwala awo a tsiku ndi tsiku. M'mayiko ambiri anawasowa chifukwa anthu abwinobwino anawasesa m'mafamase. Ngati makolo anu akadali nawo, asamwe. Chloroquine akachuluka amasokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo mapiritsi ochepa okha akhoza kupha mwana wamng'ono. Pa malungonso sitiwagwiritsa ntchito: Malawi anawasiya mu 1993, dziko loyamba mu Africa kutero, n'kupita pa SP, kenako pa LA mu 2007.

"Ndimaweta nkhuku zamikolongwe ndi zachikuda. Pagulu lathu la alimi pa WhatsApp wina anatumiza uthenga woti kolona ili ndi 'malo a furin' amene kachirombo kachilengedwe sikangakhale nawo, ndiye ndi umboni woti anachita kupanga. Furin ameneyu n'chiyani?" Mlimi wa ku Mchinji

Bambo, inu furin mwaona kale ntchito yake m'khola mwanu, dzina lokha ndilo simunalimve.

Kachirombo ka chitopa kali ndi puloteni yake yolumikizira makungu, yotchedwa F, imene nayonso imafunika kudulidwa. Mitundu yofatsa ya kachiromboka ili ndi podulira pamene amatha kudula ndi ma enzaimu onga trypsin okha, ndipo amenewa amapezeka m'njira za mpweya ndi m'matumbo a nkhuku. Kachirombo kamaswana pamenepo basi, sikapita patali. Mitundu yolusa ili ndi ma amino asidi angapo a arginine ndi lysine ondondozana pamalo omwewo, ndipo ndondomeko imeneyi ndi imene furin amaizindikira. Furin ali pafupifupi mu selo lililonse la thupi. Ndiye kachirombo kolusa kamatha kuswana paliponse, m'chiwindi, mu impso, mpaka mu ubongo. Nkhuku zija mumaziona zitapotoka khosi, zikuzungulirazungulira, zikutsegula zobiriwira, khola n'kutha sabata imodzi, gwero lake ndi kusiyana kwa ma amino asidi ochepa amenewa. Katemera wa I-2 amene timadontheza m'diso la nkhuku ndi kachirombo kamoyo ka mtundu wofatsa uja. Kamaphunzitsa thupi la nkhuku koma sikangalowerere mkati chifukwa furin sakadula. Chimfine cha mbalame cha H5N1 chimalusanso pa chifukwa chomwechi, ndipo HIV nayo puloteni yake ya kunja, gp160, imadulidwa ndi furin kukhala gp120 ndi gp41.

Pa SARS-CoV-2 pali ma amino asidi 4 owonjezera pamalire a S1 ndi S2 amene amapanga malo a furin. N'zoona kuti kachirombo ka SARS ka 2003 kanalibe malo amenewa, ndiponso abale ake apafupi amene apezeka mwa mileme ku China ndi ku Laos alibe. N'zoonanso kuti malowa ndi ofunika kwambiri pa kufala kwake. Gulu la Wendy Barclay ku Imperial College London linagwiritsa ntchito kachirombo kopanda malowa pa ma ferret, tinyama tonga likongwe timene timapatsirana chimfine mofanana ndi anthu. Kachirombo kathunthu kanafalikira kwa anzake a m'khola, kopanda malo a furin sikanafalikire. Mitundu ya Alpha ndi Delta inasintha amino asidi wa nambala 681, woyandikana ndi podulirapo, ndipo pa Delta kusinthaku kunachititsa kuti furin azidula mosavuta.

Pamene uthengawo walakwa ndi ponena kuti chilengedwe sichingapange malo otere. MERS ili nawo. Mavairasi a kolona a chimfine wamba, OC43 ndi HKU1, amene akhala pakati pa anthu kuyambira kale, ali nawo. Chitopa chili nawo. Mkangano wa komwe Covid-19 inayambira, kaya pamsika wa nyama ku Wuhan kaya pangozi ya mu labotale, ukadalipo pakati pa akatswiri ndi maboma, koma malo a furin paokha saweruza mlanduwo. Muwauze anzanu zimenezi, ndipo muwakumbutsenso kutemera nkhuku miyezi 4 iliyonse.

"Ndine namwino. Nthawi ya Delta mu 2021 odwala ankabwera akubanika, oxygen atatsika kwambiri. Omicron itabwera ambiri ankangodandaula zilonda zakukhosi. Ndi katemera yekha anachititsa zimenezi?" Namwino, Mzuzu

Anamwino, katemera ndi chitetezo cha anthu amene anadwalapo kale zinatenga gawo lalikulu, koma kachirombo nakonso kanasintha kalowedwe.

Omicron inadziwika mu Novembala 2021 chifukwa cha ntchito ya akatswiri a ku Botswana ndi South Africa, kuphatikizapo Sikhulile Moyo ku Gaborone ndi Tulio de Oliveira ku South Africa. Mphoto yawo inali yakuti mayiko olemera anatseka maulendo ochokera kum'mwera kwa Africa, Malawi ali momwemo, ndipo mpaka lero ndimaona kuti chinali chinthu chopanda chilungamo. Ma labotale angapo, kuphatikizapo a Ravindra Gupta ku Cambridge, anapeza kuti m'maselo owetedwa Omicron yoyamba, BA.1, sinkagwiritsa ntchito TMPRSS2 bwino ngati Delta, ndipo inkadalira kwambiri njira ya kathumba. Inkalepheranso kulumikiza maselo oyandikana. Delta imachita zimenezi kwambiri: spike yodulidwa kale ikakhala pakhungu la selo lodwala imagwira selo la pambali n'kuwaphatikiza, mpaka papangike chiselo chimodzi chachikulu chimene chimafa, ndipo zoterezi zinkapezeka m'mapapo a anthu omwalira ndi Covid-19. Ku University of Hong Kong anayesa pa tizidutswa ta ziwalo za anthu ndipo anaona Omicron ikuswana msanga m'njira zikuluzikulu za mpweya koma mofooka mkati mwa mapapo. Zikugwirizana ndi zimene munaona pawodi.

Chenjezo langa ndi lomwe lija la chloroquine: zooneka m'botolo si zonse. Atayesa pa mbewa zopanda TMPRSS2 anapeza kuti Omicron nayo imaswana mofooka mwa izo, kusonyeza kuti m'thupi lamoyo imamufunabe enzaimuyu. Ndipo Omicron inaphabe anthu ambiri, makamaka okalamba ndi osatemera, chifukwa inagwira chikhamu.

"Chifukwa chiyani abambo ankamwalira kwambiri kuposa amayi?" Wowerenga, Zomba

Mbali ina anthu anaiika pa TMPRSS2, chifukwa mu prostate enzaimuyu amakwezedwa ndi mahomoni achimuna, ndipo madokotala a khansa ya prostate ankamudziwa kale Covid-19 isanabwere. Koma atapereka mankhwala oletsa mahomoniwa kwa odwala Covid-19, monga enzalutamide ku Sweden, sanathandize. Zifukwa zolimba zikuoneka kuti zili pa kusiyana kwa chitetezo cha m'thupi pakati pa amuna ndi akazi, matenda a mtima, fodya, ndi kuchedwa kupita kuchipatala.

"Ngati ma enzaimu athu ndiwo amathandiza kachirombo, bwanji osangopanga mankhwala owatseka? Ine ndili pa ma ARV ndipo ndikumwanso mankhwala a TB. Ndamva za Paxlovid, kodi ndi amene amatero?" Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Amayi, ganizo lanu ndi limene akatswiri anali nalo, ndipo ubwino wake ndi woonekeratu: kachirombo kamasintha mapuloteni ake msanga, koma sikangasinthe enzaimu wa munthu. Vuto ndi lakuti ma enzaimuwa ali ndi ntchito zawo. Furin sangatsekedwe mwachisawawa chifukwa amamaliza mapuloteni ambiri ofunika, ena okhudza kukula ndi kuundana kwa magazi, ndipo mbewa zochotsedwa furin zimafera m'mimba zisanabadwe. TMPRSS2 ndi amene anapereka chiyembekezo, popeza mbewa zopanda iyeyu zimakula bwinobwino. Mankhwala omutseka analipo kale: camostat ndi nafamostat, amene ku Japan akhala akuperekedwa kwa zaka zambiri pa matenda otupa kapamba. M'maselo a m'mapapo owetedwa, camostat anachepetsadi kulowa kwa kachirombo. Koma ku Denmark atamupereka kwa odwala ogonekedwa m'chipatala, pa kafukufuku wa anthu 205, sanafulumizitse kuchira. Zifukwa zake n'zomveka. Mukatseka TMPRSS2 njira ya cathepsin imatsala, ndiponso m'njira za mpweya muli ma protease ena a banja lomwelo. Komanso munthu akamafika pogonekedwa, kachirombo kamakhala kataswana kale, chimene chikumuvutitsa n'kutupa kwa mapapo.

Paxlovid ndi wa mtundu wina. Satseka enzaimu wathu wolowetsa kachirombo, amatseka protease wa kachirombo komweko. RNA ikalowa mu selo imapangitsa mapuloteni awiri aataliatali, ndipo kachirombo kali ndi wodula wake, Mpro, amene amawagawa kukhala zida zoswanirana. Nirmatrelvir, mankhwala aakulu mu Paxlovid, amatseka ameneyu. Analoledwa ku America mu Disembala 2021, atachepetsa kugonekedwa ndi imfa ndi pafupifupi 89 pa 100 pa anthu osatemera amene anali pachiopsezo. Amamwedwa masiku 5, ndipo ayenera kuyambika pasanathe masiku 5 chiyambireni zizindikiro.

Mbali yokukhudzani inu ndi piritsi lachiwiri la m'paketimo, ritonavir. Amene ali pa ma ARV a gawo lachiwiri amalidziwa, limayenda ndi atazanavir kapena lopinavir. Ntchito yake ndi kutseka enzaimu wa m'chiwindi, CYP3A, amene amaphwanya mankhwala, kuti nirmatrelvir akhalitse m'magazi. Enzaimu yemweyu amaphwanyanso mankhwala ena ambiri, ndiye akatsekedwa mankhwala monga simvastatin amaunjikana mpaka kuvulaza. Rifampicin wa mu mankhwala a TB amachita zosiyana: amachulukitsa CYP3A kwambiri moti nirmatrelvir amatha m'magazi asanagwire ntchito. Pa chifukwa chimenechi Paxlovid saperekedwa kwa munthu amene ali pa rifampicin, ngakhale amene wangomusiya kumene. Musagule pa intaneti kapena kulandira kwa wachibale wochokera kunja. Mukayamba chifuwa chachilendo, kutentha thupi kapena kubanika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mutatenga buku lanu la kuchipatala ndi mabotolo onse a mankhwala amene mukumwa, ndipo ma ARV ndi mankhwala a TB musadumphitse ngakhale tsiku limodzi.